Kodi kukonzetsa mfuti yakale ya ulenje kumakweza mtengo wake?

Funso

Owerenga athu ena a ku Katoto mumzinda wa Mzuzu alemba motere: "Malemu bambo anga anandisiyira mfuti ya ulenje ya .303 yolembedwa B.S.A. Co., imene iwonso anasiyiridwa ndi agogo. Thabwa lake ndi lalifupi, linada, ndipo lili ndi mng'alu pafupi ndi pogwira, pomwe chitsulo chake chayamba dzimbiri. Ndikufuna kuigulitsa, ndipo mmisiri wina wandiuza kuti aiboole n'kuikapo galasi loonera patali, apale thabwalo n'kulipaka vanishi, alidule kumbuyo kuti aikepo labala, kenaka akweche chitsulo chonse n'kuchidetsanso kuti ioneke yatsopano. Kodi ndikatero mtengo wake ukwera?"

Yankho

Bambo, pepani chifukwa cha kutisiya kwa bambo anu, ndipo mwachita bwino kufunsa mfutiyo isanafike m'manja mwa mmisiri. Pempho langa ndi lakuti muyambe mwaimitsa ntchito zinayi zonsezo, chifukwa iliyonse mwa izo imachotsa kanthu pa mfuti, kaya chitsulo kaya thabwa, ndipo chimene chachotsedwa pa mfuti yakale sichibwereranso ngakhale mutalipira ndalama zochuluka bwanji. Dzimbiri la pamwamba limachoka, mng'alu umamatidwa, sikuluwu ikatayika ina imapezeka, koma bowo likabooledwa lakhazikika mpaka kalekale, ndipo chidindo cha fakitale chikafufutika palibe mmisiri woona mtima amene angachibwezeretse.

Mfuti yakale ilibe mtengo umodzi, pakuti ogula ake alipo a mitundu iwiri ndipo amafuna zosiyana. Pali mlimi kapena mlenje wokhala ndi chiphaso amene akufuna chida chogwirira ntchito, ndipo iye amafunsa ngati mpope uli bwino m'kati, ngati mfutiyo imamenya pamene wachalira, komanso ngati zipolopolo zake zikupezeka. Palinso wosonkhanitsa mfuti zakale, amene amalipira chifukwa chakuti mfutiyo idakali mmene inatulukira mufakitale, ndipo kwa iye thabwa lodetsedwa ndi thukuta la zaka zambiri ndi umboni wakuti palibe amene analigwiragwira. Wogula woyambayo sawonjezera ndalama chifukwa cha vanishi, popeza kunyezimira sikumuthandiza kuthengo, pamene wachiwiriyo akangoona vanishi amatsitsa mtengo kwambiri, ndipo nthawi zina amabwerera osatchula n'komwe mtengo. Choncho ndalama zimene mungapatse mmisiriyo sizingabwerere kudzera mwa wogula woyamba, ndipo zingakutayitseni wachiwiri.

Musanachite china chilichonse, dziwani kaye kuti mfuti muli nayoyo ndi iti, chifukwa mawu akuti B.S.A. Co. paokha sakukwanira. Kampani ya Birmingham Small Arms ya ku England inkapanga mfuti za Lee-Enfield za asilikali, komanso inkapanga zina za ulenje zogulitsa kwa anthu wamba, zimene zimadziwika ndi dzina lakuti Lee-Speed, ndipo zambiri mwa zimenezi zinafika kuno ku Africa ndi ku India m'manja mwa atsamunda, eni maesiteti ndi alenje. Mutatsimikiza kuti m'mfutimo mulibe chipolopolo, kwezani chogwirira cha bolt, chitsulo chija chimene mumakoka polowetsa chipolopolo, ndipo muyang'ane lamba wachitsulo amene ali kumbuyo kwa chokhethemulira, mbali ya kumanja. Mukaonapo chidindo cha chisoti chachifumu, zilembo ngati G.R., chaka chimene inapangidwa ndi mawu achidule akuti Sht L.E. III, dziwani kuti imeneyo inali ya boma, ya mtundu umene asilikali a Britain anayamba kugwiritsa ntchito mu 1907, ndipo thabwa lake loyambirira linkafika mpaka kukamwa kwa mpope, kutanthauza kuti kufupika kwakeko wina analidula pambuyo pake. Mfuti yotere imakhalanso ndi kachitsulo kochalira ka kumbuyo kolembedwa mpaka mayadi 2000, magazini ya zipolopolo 10, ndi mkuwa wa kumapeto kwa thabwa wokhala ndi kachitseko kobisiramo kabotolo ka mafuta. Koma ngati pa lambapo palibe chisoti kapena chaka, pangolembedwa dzina la kampani mwinanso ndi mawu akuti Lee-Speed Patents, pogwira pali mizere yopingasa yosemedwa mwaluso, kunsonga kwa thabwa kuli nyanga yakuda, ndipo tizitsulo tochalira ndi timasamba topindika tolembedwa 100, 200 ndi 300, ndiye kuti thabwa lalifupilo ndi la kufakitale, ndipo muli ndi chinthu chimene osonkhanitsa amachifunafuna.

Kusiyana kumeneku ndiko kumagamula nkhani yonse. Ngati ili Lee-Speed yosakhudzidwa, ntchito zinayi za mmisiri uja zingaisandutse mfuti wamba yonga zikwizikwi zina, ndipo chimenecho chingakhale chiwonongeko chomvetsa chisoni. Ngati ili ya asilikali imene inadulidwa kale kunyumba, gawo lalikulu la mtengo wake kwa osonkhanitsa linapita tsiku limene sowo inadutsa pa thabwalo, ndiye kuwonjezerapo zina sikungaiphe kawiri, komabe sikungakupatseni phindu, chifukwa mfuti za .303 (nambala yosonyeza kukula kwa chipolopolo) zodulidwa ndi zina mwa mfuti zotsika mtengo kwambiri kulikonse kumene zimagulitsidwa. Komanso pa yoteroyo, ngati mpope sunafupikitsidwe ndipo chitsulo sichinabooledwe, alipo anthu amene amaigula kuti aibwezere thabwa lalitali ndi tizitsulo take tonse, ndipo mwayi umenewo umatha pamene dirilo yalowa. Pali gulu lachitatu lili pakati, la mfuti za asilikali zimene makampani odziwika monga Parker-Hale ya ku Birmingham anazisandutsa za ulenje nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, n'kudindapo dzina lawo. Zimenezi sizifika pa Lee-Speed, koma zimaposa zodulidwa kunyumba, chifukwa ntchito yake ndi yaukhondo ndipo mwini ntchitoyo akudziwika.

Mwa zonse zimene mwatchula, kuboola ndiko kumandidetsa nkhawa kwambiri. Ndinagwirapo mfuti ya ulenje ya Mauser yopangidwa ku Oberndorf ku Germany, imene mwini wake anaipereka kumalo ena owotcherera zitsulo kuti aikepo galasi. Mabowo anayi anabooledwa ndi dirilo ya pamanja, awiri akutsogolo anapendekera kumanzere, limodzi linadutsa pakati pa zilembo za dzina la fakitale, ndipo popeza chogwirira cha bolt chinkagunda galasilo, anachiwotcha ndi moto wa gasi n'kuchipinda mpaka chitsulo chinasintha mtundu n'kukhala ndi mabala a buluu ndi achikasu. Galasilo silinakhazikike konse, chifukwa masikuluwu ankamasuka mfuti ikangolira kangapo, ndipo mfuti imene inali yosiririka inatsala yosayenera kwa mlenje ndi kwa wosonkhanitsa yemwe. Pa Lee-Enfield vutoli ndi lalikulu mwanjira ina, chifukwa bolt yake imatsekera kumbuyo, kotero kuti mbali za chitsulo chimene bolt imayendamo ndizo zimanyamula mphamvu ya kuphulika kwa onga, ndipo si malo oti munthu aziboolapo mongoyerekeza.

Sindikunena kuti mfuti iliyonse yoikidwa galasi inatsika mtengo. Kuyambira mu 1942 kampani ya Holland & Holland ya ku London inkalandira mfuti za Lee-Enfield No. 4 zosankhidwa chifukwa cholasa bwino, n'kuziboola ndi kuziika galasi la No. 32 kuti zikhale za asilikali odziwa kuchalira patali, ndipo lero mfuti zimenezi, zotchedwa No. 4 (T), zimagulidwa pa mtengo woposa kangapo wa No. 4 wamba, makamaka ngati galasi lake lenileni lidakalipo. Mabowo ake alipo ndithu, koma anabooledwa ndi amisiri odziwika, pa nthawi yodziwika, pa ntchito ya boma imene zidindo zake zimachitira umboni. Wogula akaona kusintha pa mfuti amafunsa kuti anasintha ndani, liti, ndipo umboni wake uli kuti, ndipo ntchito yochitika chaka chino pa khonde la shopu ilibe yankho lomukhutiritsa pa mafunso atatuwo. Ngati amene adzaigule akufunadi galasi, zilipo zogwirira galasi zimene zimamangidwa pa Lee-Enfield popanda kuboola ndipo zimachotsedwa osasiya chipsera, kapena akhoza kufuna mfuti ngati Brno ZKK ya ku Czechoslovakia, imene alenje ambiri a kuno ku Africa amaidziwa, yomwe inatuluka mufakitale ili kale ndi mipata yomangirapo galasi.

Za thabwa, mmisiri wa mipando amaona thabwa lakuda n'kulakalaka sandipepa, ndipo pa tebulo kapena kabati amakhala akulondola, koma pa mfuti sandipepa amawononga zinthu zingapo nthawi imodzi. Amafufuta tizidindo ta oyendera ntchito mufakitale, amasalaza mizere yosemedwa ya pogwira, ndipo amachepetsa thabwa mpaka chitsulo chimatumphuka pamwamba pake pamene poyamba zinali zofanana kapena thabwa linali lokwererapo pang'ono. Munthu wodziwa amangoyendetsa chala pamalire a thabwa ndi chitsulo, ndipo nthawi yomweyo amadziwa kuti panadutsa sandipepa. Mfuti zimenezi sizinkapakidwa vanishi, zinkamwetsedwa mafuta a linseed, ndipo chimene thabwa lanu likufuna ndi kulipukuta ndi kansalu kofewa, kenaka kulipaka madontho ochepa a mafuta omwewo ndi chikhatho, n'kupukuta otsala kuti lisanande. Mng'alu wa pogwira ndiye ndi nkhani ina, ndipo umenewo uyenera kukonzedwa, chifukwa pamenepo ndi pamene mphamvu yonse imadutsa mfuti ikakankha phewa. Kukonza kwabwino ndi kuchotsa mafuta amene analowa mumng'alumo, kuthiramo guluu wolimba, kumanga mpaka ziume, ndipo ngati pakufunika, kulimbitsa ndi kachitsulo kobisika m'kati. Kukonza kotere wogula aliyense amakulandira bola mumuuze, pamene kuzengereza waya, kukulunga mphira kapena kukhomapo msomali kumang'amba thabwalo mopitirira.

Kudula kumbuyo kuti muikepo labala n'kosafunika konse, popeza .303 sikankha kwambiri, ndipo alipo malabala ongovala ngati sokosi amene amavulidwa mukamaliza. Thabwa la kumbuyo la Lee-Enfield limagwidwa ndi bawuti imodzi yaitali, choncho wofuna lalifupi kapena lalitali akhoza kuikapo lina n'kusunga loyambiriralo. Chenjezo limodzi pamenepa ndi lakuti pa mtundu wa No. 1 Mk III, womwe ndi uja wolembedwa Sht L.E. III, thabwa la kutsogolo limayenera kuchotsedwa kaye bawutiyo isanapotokoledwe, chifukwa nsonga yake ya ngodya zinayi imalowa m'kachitsulo ka kumapeto kwa thabwa la kutsogololo, ndipo amisiri ambiri osadziwa ang'amba matabwa abwinobwino pa chifukwa chimenechi.

Kukwecha chitsulo ndi makina kumasalaza ngodya zimene fakitale inasiya zakuthwa, kumakumba tizigwa mozungulira mabowo a masikuluwu, ndipo kumachititsa zilembo kuoneka zozimirira. Pakati pa zilembo zimenezo pali zidindo zazing'ono kwambiri zosonyeza kuti mfutiyo inayesedwa ndi onga woposa muyezo ndipo inapirira. Ku England ntchito yoyesa mfuti zogulitsa kwa anthu wamba imachitika ku London, kumene bungwe la amisiri a mfuti linakhazikitsidwa mu 1637, ndi ku Birmingham, kumene nyumba yoyesera mfuti inakhazikitsidwa mu 1813, ndipo popeza zidindo zawo zinkasintha m'kupita kwa zaka, wodziwa kuziwerenga amatha kunena nyengo imene mfuti inayesedwa. Zikafufutika, mwataya umboni wa msinkhu wa mfutiyo ndi wa kulimba kwake komwe. Mtundu wakuda wakale ukamatha pamalo amene dzanja limagwira, n'kusiya chitsulo chotuwa, wosonkhanitsa amaona kuti ndi mmene mfuti ya zaka zambiri iyenera kuonekera, ndipo amaikonda yotero kuposa yodetsedwanso mwatsopano, osanenanso za yopoperedwa penti wa m'chitini. Dzimbiri la pamwamba lichotseni ponyowetsa malowo ndi mafuta a mfuti usiku wonse, kenaka n'kupukuta pang'onopang'ono ndi steel wool wofewa kwambiri wa nambala 0000 ali wonyowa ndi mafuta, ndipo musayerekeze kugwiritsa ntchito waya wotsukira mapoto, mchenga kapena phulusa.

Yang'ananinso manambala. Pa Lee-Enfield nambala ya mfuti imadindidwa pa chitsulo chimene bolt imayendamo, pa mpope ndi kumbuyo kwa chogwirira cha bolt, ndipo zikagwirizana zonse mtengo umakwera, monga mmene wogula galimoto amakhazikira mtima pansi akaona kuti nambala ya injini ikufanana ndi ya m'buku. Nkhaniyi si ya mtengo wokha, chifukwa bolt iliyonse inkalinganizidwa ndi mfuti yake, ndipo yochokera ku mfuti ina ikhoza kusiya mpata woposa muyezo kumbuyo kwa chipolopolo, zimene zimang'ambitsa chikhokho cha chipolopolocho ndi kutulutsa mpweya wamoto kumaso kwa woombera. Ngati manambala akusiyana, musalole aliyense kuwapala kapena kudinda ena kuti afanane, pakuti kumeneko ndi kunamiza wogula komanso kuika dzina lanu pa mlandu. Chimodzimodzinso wina akakuuzani kuti aikuze kuti izilowa zipolopolo za .308 poti ndizo zikupezeka mosavuta, mukane, chifukwa chipolopolo cha .303 ndi cha .308 n'zosiyana kukula, mphamvu ya .308 ndi yoposa imene No. 1 Mk III inapangidwira, ndipo mfuti yosinthidwa chotero zidindo zake zoyesera zija sizikhalanso ndi tanthauzo.

Chimene chingakwezedi mtengo, kapena kuuteteza kuti usagwe, chili m'kati mwa mpope, kumene mmisiri wanu sanatchuleko n'komwe. Zipolopolo zakale za asilikali za .303 zinali ndi kapu yoyatsira onga imene inkasiya mchere mumpope, ndipo mchere umenewo umakoka chinyezi n'kuyambitsa dzimbiri m'masiku ochepa ngati mpope sunatsukidwe ndi madzi otentha, kuumitsidwa ndi kupakidwa mafuta. Onga wake wa cordite nawonso unkatentha kwambiri n'kumadya chiyambi cha mizere ya m'kati. Muwonjezerepo nyengo ya kwathu kuno ku Mzuzu, kumene mvula imachedwa kusiya ndipo nkhungu ndi mawawa a mu June ndi July zimanyowetsa ngakhale zovala za m'kabati, mudzamvetsa chifukwa chake mfuti yosungidwa m'thumba la chiguduli, yotsamira khoma kuseri kwa wadiropu, imaonongeka m'kati mwini wake akuganiza kuti yasungika. Chotsani bolt, mulozetse mpope kowala ndipo musuzumire kuchokera kumbuyo. Mizere ikaoneka yakuthwa ndi yowala, muli ndi mfuti imene ogula a mitundu yonse iwiri angaifune, koma mukaona mdima ndi timaenje, mtengo wake ndi wotsika ngakhale kunja kutanyezimira motani. Kusintha mpope kumabwezera mfuti ku ntchito, koma kumaichotsa m'gulu la zosakhudzidwa, ndipo ndalama zoitanitsira mpope kunja pamodzi ndi zilolezo zake kawirikawiri zimaposa mtengo wa .303 wamba.

Fufuzaninso m'masutikesi a malemu. Ziphaso zakale za mfutiyo, lisiti yogulira, kalata, kapena chithunzi cha agogo ataigwira, zonsezi zimawonjezera chikhulupiriro cha wogula popanda kukhudza mfutiyo. Mabanja ambiri kuno ali ndi agogo amene anali m'gulu la King's African Rifles, lomwe linakhazikitsidwa mu 1902 ndipo linali ndi asilikali ambiri a ku Nyasaland, ndipo dzina la Moyale Barracks mumzinda mwathu muno limakumbutsa malo a m'malire a Kenya ndi Ethiopia kumene asilikali amenewo anamenya nkhondo mu 1940. Komabe chidindo cha boma pa mfuti sichitsimikizira kuti ndiyo imene agogo ananyamula kunkhondo, chifukwa mfuti zambirimbiri za asilikali zinagulitsidwa kwa anthu wamba nkhondo itatha, ndipo wogula wanzeru amalipira mbiri imene ili pa pepala, pamene ya pakamwa amangoimvetsera mwaulemu.

Nkhani ya malamulo musaiike kumapeto monga ndaiikira ine pano, iyambe ndiyo. Lamulo la mfuti la dziko lino, Firearms Act ya 1967, limafuna kuti wosunga mfuti akhale ndi chiphaso, ndipo chiphasocho chimalembedwa m'dzina la munthu, choncho cha malemu sichisanduka chanu pamodzi ndi chuma cha masiye. Pitani kupolisi ndi chiphaso chakalecho ndi kalata ya imfa, mukafotokoze kuti mfutiyo ili m'manja mwanu ndipo mukufuna kuigulitsa, ndipo iwo akakuuzani za kasungidwe kake ndi kasinthidwe ka umwini. Musaipereke kwa mmisiri amene alibe chilolezo chogwira mfuti, ndipo musaigulitse kwa munthu amene sanakuonetseni chilolezo cha apolisi choti agule, ngakhale atabwera ndi ndalama m'manja. Tili pafupi ndi Nyika ndi Vwaza, kumene kusaka n'koletsedwa, ndipo lamulo loteteza nyama zakuthengo la 1992, litakonzedwanso mu 2017, limafika pa zaka 30 za ukaidi pa milandu ikuluikulu, choncho mfuti yolembedwa m'dzina la banja lanu ikapezeka ndi opha nyama mozemba, mafunso adzayambira pakhomo panu. Dziwaninso kuti mitengo imene mungaone pa intaneti ya ku okushoni za ku London kapena ku Johannesburg si mitengo ya ku Mzuzu, chifukwa kuno ogula ovomerezeka ndi ochepa, ndipo kutulutsa mfuti kunja kumafuna zilolezo za maiko onse awiri ndi ndalama zotumizira, zimene zimangomveka ngati mfutiyo ilidi ya mtundu wosowa.

Kuti ndikuuzeni gulu limene mfuti yanu ili, nditumizireni zithunzi zojambulidwa panja kowala za lamba wachitsulo uja mbali zonse ziwiri, za pamwamba pa mpope pamene uyambira, za tizitsulo tochalira, za kunsonga kwa thabwa ndi za mng'aluwo, ndipo ngati mungaziikenso pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp pofunsa ena, phimbani nambala ya mfutiyo ndipo musatchule dera limene mukuisunga.